Mutu 7: Adona Akana Kudzuka

1. Mawu a malume

"Maliko mphwanga, leka kusisita chiwongolerocho, undimvere. Ndikukupatsa galimotoyi chifukwa maso anga atha, osati chifukwa ndatopa nayo."

Anatero a Benedicto, malume a amuna anga, tsiku limene anatipatsa makiyi. Iwo anakalamba akuyendetsa mzungu wina wa esiteti ya fodya ku Mkanda. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira galimoto yake, yobiriwira, yaitali mphuno, yakale kuposa amuna anga.

"Galimoto zinazi zili ndi kabuleta mmodzi," anapitiriza. "Kabuleta ndiye amasakaniza petulo ndi mpweya kuti injini idye. Iyi ili nawo awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo. Ali ngati ng'ombe ziwiri za pangolo. Ina ikakhuta inzake ili ndi njala, ngolo imalowera kutchire. Tsono ikadzayamba kuvuta kulira m'mawa, usadzathamangire kupotokola timasikuluwu. Yamba wafunsa batire. Ukatero funsa mapulagi ngati moto ukufika. Kabuleta ndi womalizira. Ndipo ichi ndikunena pamaso pa mkazi wako kuti akhale mboni: usadzathire petulo kukamwa kwa kabuleta monga amachitira anyamata a matola. Ine ndinaona munthu ndevu zake zikutha ngati udzu wa mu Okutobala."

A Maliko ankangoti, "Eya, malume. Ndamva, malume," maso ali pa nyali zakutsogolo. Mlongo wawo Rozi ankadziyang'anira pagalasi la pambali, akukonza duku.

Ine ndinamva mawu onse. Koma ndinali ndi khanda kumsana, ndipo ndinati za magalimoto n'za amuna.

Dzina langa ndine Esitele, amake Ulemu. Sukulu ndinafika nayo Fomu 4. Anthu pa Kamwendo amandidziwa ndi chinthu chimodzi: mantha. Mwana akagona nthawi yaitali ndimakaika chala pamphuno pake. Ndikatseka chitseko ndimabwereranso kukachigwedeza. Paminibasi ndimakhala pafupi ndi khomo, ndikupemphera chamumtima.

Galimoto ija ana a pamsika anaipatsa dzina loti Adona, chifukwa sinkadzuka m'mawa popanda kuinyengerera.

2. Nsidze

Munali mu Juni, chaka cha 1999, zisankho zitangodutsa. Kuzizira kwa chaka chimenecho kunkalowa mpaka m'mano. Loweruka la sabata imeneyo kunali ukwati wa Rozi ndi a Moses, mphunzitsi wa ku boma.

Akuchimuna anati abweretsa minibasi yodzatenga mkwatibwi. Rozi anakana poyera.

"Minibasi ndi ya nkhuku ndi matumba a mtedza," anawayankha. "Ine kwathu kuli galimoto. Ndikafika kutchalitchi ndi Adona."

Mawu amenewo anafika m'makutu mwa aliyense, kuyambira pachigayo mpaka kukwaya. Ine ndi Ulemu tinalonjezedwa mpando wakutsogolo.

Koma Adona anali atayamba mwano. Tsiku lililonse ankachedwerachedwera kudzuka. A Maliko, amene ntchito yawo n'kukonza njinga pamsika, anati injini ndi njinga yaikulu chabe. Anapotokola kasikuluwu aka, napotokola ako. Zinthu zinangoipiraipira.

Lachinayi m'mawa Adona anakaniratu. Kiyi akapotokola, ankangoti *ngwe-ngwe-ngwe*, kenako zii. Anyamata a njinga zakabaza anabwera kudzakankha, akuimba ngati ali pamsonkhano wa chipani. Anakankha mpaka pachigayo, nabwerera nayo. Adona anangotsokomola kamodzi.

"Akuluakulu, thirani kapetulo kukamwa," anatero mmodzi wa anyamatawo. "A matola amatero daily."

"Bambo a Ulemu," ndinatero ine, "paja malume anati chiyani?"

"Malume ali ku Mkanda. Ndingothira kachivindikiro kamodzi."

Sindinadikire. Ndinathawira kuseri kwa nyumba ndi mwana. Ndili komweko ndinamva *phuu!* Kenako anyamata aja anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi.

Nditasuzumira ndinaona a Maliko ataima chilili, nkhope ili bii. Nsidze zonse zinali zitapita. Dzanja lamanja analigwira ndi linzake. Mwamwayi moto unangolavula kamodzi n'kuzima.

Rozi anathamanga ndi ndowa ya madzi, naviika dzanja la achimwene ake. Ataona kuti zala zonse zilipo, anawayang'ana kumaso. Anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anakhala pansi ndi kuseka mpaka misozi.

"Achimwene, pa chithunzi cha ukwati mudzaime kumbuyo! Kapena ndikujambuleni nsidze ndi khala?"

Anamwino a pachipatala chaching'ono anamanga dzanjalo ndi bandeji, nati lisagwire kanthu mpaka sabata yamawa.

3. Maso obwereka

Masana a Benedicto anafika kudzakhala nawo pa zokonzekera ukwati, atakwezedwa pakaliyala wa njinga. Atapatsidwa moni, anaitana mphwawo kuti ayandikire. Anamupapasa kumaso ndi zala.

"Nsidze wazisiya kuti?"

A Maliko anayang'ana pansi.

"Chabwino. Sindikukalipira, moto wakukalipira kale. Koma tamvera, ndipo nawenso Rozi umve, popeza ukukalowa m'banja. Chinthu chikakana, chimakhala ndi chifukwa. Munthu wopupuluma amamenya chinthucho. Munthu wanzeru amachifunsa mafunso, limodzilimodzi, kuyambira losavuta. Odwala mutu sitiyamba n'kumung'amba pamimba. Iwe wayamba ndi mpeni, mphwanga. Tsopano tiyeni tikawafunse Adona bwinobwino. Ine ndili ndi makutu ndi mphuno. Ndikufuna wina andibwereke maso ndi manja."

A Maliko anakweza bandeji. Rozi anabisa manja kumbuyo.

"Ine ayi, malume. Zikhadabo ndapaka dzulo."

"Amake Ulemu," anaitana a Benedicto.

Ndinali nditagwada chapatali, monga achitira mkazi pamaso pa apongozi. Chikwatiwire ndinali ndisanaimepo nawo pafupi.

"Bambo, ine sindidziwa kanthu. Komanso ikaphulikanso?"

"Woopa ndiye ndikumufuna. Woopa amayang'ana kawiri. Lero manyazi a chipongozi tiwapachike pamtengo, tidzawatenga madzulo."

Ndinamasula Ulemu n'kumupereka kwa Rozi. Ndinamuuza kuti akaime pansi pa mtengo wa mango, kutali. Atafika ndinamuuza kuti asunthenso.

"Alamu, ndikapitirira apa ndiye ndalowa m'Zambia," anatero Rozi.

Tinayamba ndi batire. A Maliko anapotokola kiyi ndi dzanja lamanzere, a Benedicto atatchera khutu.

"Batire ali ndi mphamvu. Ameneyo alibe mlandu. Tsopano moto."

Anandiuza kuzula waya mmodzi wa kupulagi, kumugwira ndi chiguduli chouma, n'kumuyandikiza kuchitsulo cha injini. Ndinatero. Kiyi atapotokola ndinaona kamoto kakudumpha, *tsa-tsa-tsa*.

"Kali ndi mtundu wanji?"

"Kabuluu, bambo."

"Ndiye kabwino. Tsopano masulani mapulagi onse anayi. Muwaike mwa ndondomeko yake, woyamba kutsogolo, womaliza kumbuyo. Musawasokoneze."

Ndinasowa poika. Ndinatenga lichero langa n'kuwandandalika momwemo.

"Mukuona chiyani?"

"Awiri akutsogolo ndi akuda bii, ndipo anyowa. Akununkha petulo. Awiri akumbuyo ndi otuwa, ouma gwa."

A Benedicto anaomba m'manja kamodzi.

"Mwamva? Adona ayankha. Kabuleta wakutsogolo amadyetsa awiri akutsogolo, wakumbuyo awiri akumbuyo. Kutsogolo akudya mpaka kusanza. Kumbuyo kuli chilala."

4. Fungo la mandasi

Tinachotsa zosefera mpweya. Kukamwa kwa kabuleta aliyense kunali kachitsulo kobulungira ngati kachitini ka tomato.

"Lowetsani chala kwa wakutsogolo. Kankhirani kachitsuloko m'mwamba, kenako mukasiye."

Ndinatero. Kanatsika kokha, n'kumveka *tiki*.

"Tsopano wakumbuyo."

Ndinakankha. Kanakwera movutikira. Nditachotsa chala kanangokhala m'mwamba momwemo ngati kakwiya.

"Sikakutsika, bambo."

"Eeh. Kakapanda kutsika, kabuleta sangakoke petulo poliza. Masulani kachivindikiro kakuda ka pamwamba pakepo, mundipatse."

Kachivindikiroko kanali ndi kandodo kakang'ono. Kanatuluka katamatirira zinthu zonanda ngati ulimbo. A Benedicto anakanunkhiza. Anakanunkhizanso. Kenako anatembenukira kumene kunali mphwawo.

"Maliko, bwanji galimoto yanga ikununkha mandasi?"

A Maliko anakanda pamene panali nsidze.

"Munati m'menemo muzikhala timafuta, malume. Nditaona kuti mwauma, oilo ndinalibe. Ndiye ndinati mafuta ndi mafuta."

"Mafuta ati?"

"A m'khitchini."

Ndinaponya sipanala pansi. Mwezi wonse botolo langa la mafuta ophikira linkatsika modabwitsa. Ndinali nditalemba kamzere ndi makala pabotolopo, ndipo ndinkamuyang'ana Rozi ndi diso lofiira.

"Mwamva, alamu?" anakuwa Rozi ali pansi pa mango. "Munkati ndine ndimakazinga mazira mukapita kumjigo! Ndipepeseni pamaso pa malume!"

"Pepani, alamu anga."

"Mokweza! Ulemu sanamve!"

A Benedicto anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Mafuta ophikira akatenthedwa n'kuzizira, kutenthedwa n'kuzizira, amasanduka phula. Ndiye kuzizira kwa Juni kuno amagwira gwa. Koma bwanji wakutsogolo sunamuthire?"

"Ndinkamva amake Ulemu akubwera ndisanamalize."

"Ndiye kuti Mulungu alipo."

Tinamasula chigoba cha pamwamba, ndipo ndinapukuta kachitsulo kaja ndi kansalu konyowetsa ndi petulo. Ndisanayambe ndinakazimitsa mbaula ndi madzi, ngakhale inali kuseri kwa nyumba. Titabwezera, tinathiramo oilo wa injini amene mnyamata wa kabaza anakapempha kwa a chigayo. Ndinakankha ndi chala. *Tiki.*

"Nanga wakutsogolo wosanzayu?" anafunsa a Maliko.

"Pambali pake pali kambale kosungira petulo. Nthawi zina kachitseko kake kamagwidwa ndi zinyalala. Amake Ulemu, kagogodeni pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Pang'ono, ngati mukugogoda kwa abusa."

Ndinagogoda. Kenako ndinapukuta mapulagi, kuwayanika padzuwa, n'kuwabwezera aliyense pamalo pake.

5. Dontho

Dzuwa linali litapendeka. Anthu anali atadzaza pabwalo: anyamata a kabaza, amayi a kukwaya amene anabwera kudzasinja za ukwati, ndi ana osawerengeka.

"Koka tchoki kuti imwe petulo wambiri, mphwanga. Phazi lisakhudze chopondera moto. Liza."

*Ngwe-ngwe... vruuu!*

Adona anadzuka. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Rozi anavina ndi Ulemu m'manja. Utsi wakuda unatuluka kumbuyo, ana n'kumathamangiramo.

A Benedicto anaitanitsa kapaipi ka pulasitiki. Mbali ina anaika kukhutu, ina kukamwa kwa kabuleta woyamba, kenako wachiwiri. Ankamvera mpweya ukulowa, n'kumandiuza kuti, "Potokolani pang'ono. Bwezani. Basi, pomwepo." Anatero mpaka onse awiri anayamba kupuma mofanana.

"Mawa tikongoletse ndi maluwa!" anakuwa a Maliko ali pachiwongolero.

Aliyense ankayang'ana Rozi akuvina. Ine ndinkayang'anabe mu injini, chifukwa ndi mmene ndilili. Ndipo ndinaona kanthu kakung'anima pansi pa kambale ka kabuleta wakutsogolo.

Dontho. Linagwera pa chipaipi cha utsi chimene chimadutsa pansi pake, n'kuti *tsss*. Linabwera lina. Kenako lina.

A Benedicto sakanaliona. Ndi utsi umene unali pabwalopo, ngakhale mphuno yawo sikanalimva. Ndinayang'ana Rozi. Chiyambire sabata ndinali ndisanamuone akusangalala chotero. Ndikanatha kutseka boneti, anthu n'kundiombera m'manja.

"Zimitsani!" ndinakuwa.

Palibe anamva. Amayi a kukwaya anali atayambitsa nyimbo.

Ndinathamangira kuwindo, ndinalowetsa dzanja pamwamba pa bandeji ya amuna anga, n'kupotokola kiyi. Adona anati zii. Nyimbo inaduka pakati.

"Iwe Esitele, wapenga?" anatero a Maliko. Anali asananditchulepo dzina pagulu.

"Petulo akudontha. Akugwera pa chipaipi chotentha."

"Timadontho tokha? Galimoto zonse zakale zimadontha!"

"Mantha a alamu ayambanso," anatero Rozi. "Tsiku lina adzazimitsa dzuwa kuti lingaotche mwana."

Anthu anaseka. Koma ine kiyi ndinali nditamuzula, ndipo ndinamufumbata.

"Ndiperekezeni pamenepo," anatero a Benedicto.

Ndinagwira dzanja lawo n'kuliika pansi pa kambale kaja. Ananunkhiza zala zawo. Kuseka kunawathera.

"Masulani kambaleko."

M'katimo munali kampira kapulasitiki, kachikasu, kakang'ono ngati dzira la njiwa. Anakagwedeza pafupi ndi khutu. Ngakhale ine ndinamva: *chuku-chuku*.

"Aka ndi kafuloti," anatero mokweza kuti onse amve. "Ntchito yake n'kuyandama. Petulo akadzaza m'kambale, iko kamakwera n'kutseka khomo. Tsono kang'ambika, kamwa petulo, kamira. Khomo lili pululu. Ine ndimayesa zinyalala, ndinalakwa. Ana inu, Loweruka galimotoyi ikanayenda pang'onopang'ono, ana akuithamangira, chipaipi chikufiira. M'katimo mkwatibwi ndi velo lake la nayiloni, kutsogolo khanda. Moto wa petulo suchenjeza. Wa m'mawa uja unangokupatsa moni, Maliko. Uwu ukanalowa m'nyumba."

Rozi anamukumbatira Ulemu mwamphamvu.

6. Ndani apite?

Anthu atabalalika tinakhala pakhonde anayi, kafuloti kali pakati pathu pambale.

"Ndikamata ndi guluu wa machubu a njinga," anatero a Maliko.

"Petulo amadya guluu," anayankha a Benedicto.

"Sopo?"

"Ungafike naye pachigayo basi."

"Nanga titamangirira kachitini pansi pake kuti kazilandira madonthowo?"

"Bambo a Ulemu," ndinatero, "mukamanga kachitini, ine ndi mwana sitikwera. Ndipo Rozi ndidzamukhalira pa velo mpaka minibasi ibwere."

Rozi anayamba kulira. "Ndiye ndikwere minibasi? Alongo ake a Moses akandiseka mpaka ndidzakalambe. Adzati uja ankanyoza nkhuku wabwera ndi nkhuku."

"Kafuloti kena kangapezeke," anatero a Benedicto. "Koma osati kuno, ngakhale ku boma. Ku Chipata, m'Zambia, kuli mnzanga, a Alufeyo Tembo. Tinkayendetsa limodzi azungu. Kuseri kwa nyumba yawo kuli manda a galimoto zamtunduwu. Munthu atalawira, angabwere nako dzuwa lisanalowe, chipata cha pamalire chisanavute."

"Ndipita ndine," anatero a Maliko.

"Ndi dzanja limenelo? Kumasula kabuleta wadzimbiri kumafuna manja awiri, ndipo a Alufeyo manja awo atha kuposa maso anga. Komanso mawa akuchimuna akubwera ndi ankhoswe. Mlongo wa mkwatibwi akasowa adzati tawanyoza."

Rozi sakanapita. Lachisanu lonse linali la alangizi, ndipo mkwatibwi satuluka m'nyumba.

"A Dailesi apafupiwa amapita ku Chipata kukaoda zitenje," anatero a Maliko. "Lole yawo imanyamuka tambala woyamba. Tiwatume."

"A Dailesi amabwerako Lamulungu," anayankha Rozi akupukuta mphuno. "Adzapeza ndakwatiwa kale." Kenako anandiyang'ana, n'kuseka pang'ono m'misozi momwemo. "Akanakhala alamu ena, bwenzi tikuti apite ndi amene azimitsa. Koma awa? Awa ngakhale ku boma amafika atapemphera korona yense."

Sananame. Malire ndinali ndisanawaoneko chibadwire. Ndinkangomva kuti kuli asilikali, anyamata osintha ndalama okokera anthu malaya, ndi Chinyanja chothamanga ngati njinga yopanda mabuleki.

Ndinatenga kafuloti kaja n'kukayang'anitsitsa. Mng'alu wake unali wochepa ngati tsitsi. Ndinauona.

"Bambo," ndinatero, "kabwino ndingakadziwe bwanji?"

A Maliko anatembenuka. Pakanakhala nsidze, bwenzi zitakwera.

A Benedicto sanadabwe. "Mukagwedeze pakhutu, kasamveke kanthu. Mukatero mupemphe madzi otentha m'kapu, mukamize. Kakatulutsa thovu, kasiyeni. Musalole kuti akusankhireni, ngakhale a Alufeyo amene. Akakuuzani kuti 'kali chabe bwino, amai,' inu muyesebe. Pamalire musayankhe aliyense wokuitanani kuti 'sister'. Mukhale pambali pa a Dailesi mpaka mutadinditsa chiphaso. Mukafika mukafunse kwa a Tembo a magalimoto akufa. Aliyense akulozerani."

"Malume, musawalimbikitse," anatero a Maliko. "Nanga Ulemu?"

"Ulemu amayamwa," ndinayankha. "Kumene ndikupita, akupita."

"Alamu, ndimangocheza ine," anatero Rozi, atandigwira mkono. "Minibasi ndikwera. Sindifa nayo."

"Mukwera Adona. Inu konzani velo."

Ndinakulunga kafuloti m'kansalu n'kukamanga pa mfundo ya chitenje. Ndinamanga kawiri. Kenako ndinaimirira msanga. Dzuwa linali likulowa, ndipo utsi wa kwa a Dailesi unkaoneka kuseri kwa mpanda.

"Amake Ulemu, taimani," anatero a Maliko. "Gonani kaye. Kukacha tikambirane bwinobwino, mwina mukwere ya masana."

"Kukacha ndiyamba kuganiza," ndinawayankha, "ndipo ndikaganiza sindipita. Ndikukawauza a Dailesi andisungire malo pa lole. Tambala woyamba akandipeze pamsewu."